Jan Hrubý ndi vayolini m'nyimbo za rock za ku Czech

Bambo wina wa ku Zomba watilembera motere: "Mwana wanga wamkazi wa zaka 15 akuphunzira vayolini, ndipo aphunzitsi ake amamuuza kuti chida chimenechi ndi cha nyimbo za classical ndi za m'tchalitchi. Posachedwapa anandionetsa vidiyo pa YouTube ya mkulu wina wa ku Czech, dzina lake Jan Hrubý, akuliza vayolini pakati pa magitala ndi ng'oma, ndipo tsopano mwanayo akuti akufuna kutsata njira yomweyo. Kodi munthu ameneyu ndani, anafika bwanji pamenepo m'dziko limene ndimamva kuti linali la chikomyunizimu, ndipo kodi ntchito yotereyi munthu angadye nayo?"

Zikomo bambo polemba. Mkulu amene mwana wanu wamuonayo ndi munthu wolemekezeka kwawo, ngakhale kuti mukangotuluka m'malire a Czech Republic ndi Slovakia mudzapeza anthu ochepa kwambiri amene anamvapo dzina lake. Jan Hrubý anabadwira mumzinda wa Prague mu 1948, chaka chimene chipani cha chikomyunizimu chinatenga boma la Czechoslovakia (dziko limene pambuyo pake linagawika n'kukhala Czech Republic ndi Slovakia), moti ubwana wake, maphunziro ake ndiponso gawo loyamba la ntchito yake zinachitika pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi umene unatha mu 1989. Mfundo imene ndikufuna kuti muigwire kuyambira pano ndi yakuti kwa zaka pafupifupi 50 munthu ameneyu wakhala akuima pambali pa oimba ena, kuwathandiza kuti nyimbo zawo zimveke mwa mtundu wina, ndipo malo a pambaliwo ndi amene anamudyetsa, anamutchinjiriza pa nthawi zovuta, komanso ndi amene mwana wanu ayenera kuwamvetsa bwino asanasankhe njira.

Aphunzitsi a mwanayo sakunama, koma akunena mbali imodzi yokha. Ku Czech vayolini sinakhalepo chida cha anthu olemera okha. Anthu a kumeneko ali ndi mwambi wakale wonena kuti Mtcheki aliyense ndi woimba, ndipo ngakhale mwambiwo ukukokomeza, uli ndi pogwira. Sukulu ya Prague Conservatory inakhazikitsidwa mu 1808. Antonín Dvořák asanatchuke monga wopeka nyimbo ankapeza chakudya poliza viyola, chida chofanana ndi vayolini koma chokulirapo, m'gulu loimba la nyumba ya zisudzo ku Prague, ndipo mphunzitsi wa vayolini Otakar Ševčík, amene anamwalira mu 1934, analemba mabuku ozolowetsera zala ndi uta amene mpaka lero amagwiritsidwa ntchito padziko lonse, moti sindingadabwe ngati mwana wanu ali nalo limodzi m'chikwama chake. Tauni ya Luby, kufupi ndi malire a Germany, yakhala ikusema mavayolini kwa zaka mazana angapo. Kumidzi ya ku Moravia, chigawo cha kum'mawa kwa dzikolo, magulu oimba pa maukwati amatsogoleredwa ndi woliza vayolini wotchedwa primáš, amene sayang'ana pa pepala koma amatsatira aliyense amene wayambitsa nyimbo, kaya waiyambira pamwamba kapena pansi. Boma la chikomyunizimu nalo linali ndi sukulu za zaluso m'matauni ambiri, kumene ana ankapita masana akaweruka n'kumaphunzira chida choimbira pa mtengo wochepa. Choncho panalibe chodabwitsa kuti mnyamata wa ku Prague wa msinkhu wa Hrubý aphunzire vayolini m'njira ya classical. Chachilendo chinali nyimbo za rock, ndipo iye anatenga chida cha kwawo n'kulowa nacho m'nyimbo zobwera.

Nyimbo zimenezi Atcheki ankazitcha bigbít, ndipo zinakula mwamphamvu m'zaka za m'ma 1960 pamene boma linayamba kufewetsako dzanja. Ufulu umenewo unaduka usiku wa pa 20 kuchera pa 21 Ogasiti 1968, pamene asilikali a Soviet Union ndi a maiko ena a mgwirizano wa Warsaw analowa m'dzikomo ndi akasinja. Gustáv Husák atatenga utsogoleri wa chipani mu Epulo 1969, kunayamba nyengo imene boma linkati ndi yobwezeretsa zinthu m'malo mwake. Panalibe lamulo lonena mwachindunji kuti rock ndi yoletsedwa, koma boma linaimanga ndi mapepala. Munthu wofuna kulandira ndalama chifukwa choimba ankayenera kukhala m'kaundula wa bungwe la boma loyendetsa zoimbaimba, monga Pragokoncert kapena Pražské kulturní středisko la mumzinda wa Prague, ndipo kuti alowemo ankayenera kukaimba pamaso pa komiti. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 boma linalamula kuti oimba onse, ngakhale akale omwe, ayesedwenso.

Talingalirani anyamata ozolowera kuimbira anzawo usiku ataima masana m'holo yopanda anthu, kutsogolo kwawo kuli tebulo la akuluakulu angapo amene agwira mapepala a mawu a nyimbo zonse, uku akuyang'ana kutalika kwa tsitsi, kukula kwa phokoso, ndiponso ngati dzina la gululo kapena mawu a nyimbo ali m'Chingerezi. Akatha kuimba, aliyense ankafunsidwa za kawerengedwe ka manotsi ndi mbiri ya nyimbo, kenako n'kubwera mafunso a ndale za chipani. Komiti yomweyo ndiyo inkaika mlingo wa malipiro a woimba aliyense. Wolephera ankataya zambiri kuposa nsanja, chifukwa m'chiphaso cha nzika aliyense munkayenera kukhala chidindo cha kumene amagwira ntchito, ndipo wopanda chidindo ankatha kuzengedwa mlandu wodyera thukuta la ena. Zimbale nazo zinkatuluka ku makampani a boma okha, omwe ndi Supraphon, Panton ndi Opus ya ku Bratislava. Akuluakulu amene anakhalapo m'Malawi pa nthawi imene bungwe la Censorship Board linali ndi mano akhoza kuuzindikira mpweya umenewu, ngakhale kuti ku Czechoslovakia boma linali ndi zonse m'manja mwake, kuyambira holo mpaka fakitale yodinda zimbale. M'dongosolo lotere, munthu wophunzira bwino vayolini anali ndi mwayi umene woliza gitala wodziphunzitsa yekha analibe, popeza manotsi ankawerenga, mayeso a luso sakanamuopsa, ndipo chida chake chinkaoneka cholemekezeka m'maso mwa akomiti.

Dzina la Hrubý linayamba kumveka kwambiri atagwirizana ndi Vladimír Mišík, woimba wobadwa mu 1947 amene anali atadutsa kale m'magulu a Blue Effect ndi Flamengo. Gulu la Flamengo linatulutsa mu 1972 chimbale cha Kuře v hodinkách, chimene mawu ake analemba ndi mlakatuli Josef Kainar, ndipo linatha chaka chomwecho. Mišík anapitiriza njira yoika nyimbo pa ndakatulo za alakatuli odziwika monga Kainar ndi Václav Hrabě, njira imene inali yanzeru pa zaluso komanso pa ndale, chifukwa komiti inkavutika kukana mawu amene makampani a boma lomwelo anali atawasindikiza kale m'mabuku, makamaka popeza Kainar anamwalira mu 1971 ali ndi udindo waukulu m'bungwe la alembi lovomerezedwa ndi chipani. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 Mišík anayambitsa gulu la Etc..., Hrubý ali mmodzi wa anthu oyamba, ndipo chimbale chawo choyamba cha mu 1976 chimadziwika ndi dzina la nyimbo yake yotchuka, Stříhali dohola malého chlapečka, yosimba za kamnyamata kamene kakumetedwa mpala. M'dziko limene apolisi anali atagwirapo anyamata a tsitsi lalitali n'kuwameta mokakamiza, omvera sankafunikira wowamasulira.

Apa ndi pamene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ndi pamene pali luso lenileni la munthuyu. Mawu a Mišík ndi okhuthala, osasa pang'ono, ndipo amaimba ngati munthu wosimba nkhani mosafulumira, kusiya mipata pakati pa mzere ndi mzere. M'mipata imeneyo ndi mmene vayolini imalowa, monga momwe ovomera nyimbo amalandirira kwa wotsogolera pa gule, osamulanda nyimbo koma osamusiyanso yekha. M'magulu ambiri a rock ntchito imeneyi ndi ya gitala yamagetsi, koma gitala ikalizidwa mawu ake amayamba mwamphamvu n'kumazilala, pamene uta umatha kuyamba notsi motsitsa, kuikuza, kuipinda n'kuigwira nthawi yaitali monga momwe mpweya wa munthu umachitira. N'chifukwa chake vayolini ili pafupi kwambiri ndi mawu a munthu, ndipo n'chifukwa chakenso ndi yoopsa m'manja mwa wosadziletsa, popeza ikalira pamodzi ndi woimba imamuphimba, mawu a ndakatulo n'kutayika. Hrubý amadziwa kudikira. Akalowa, salowa ndi mawu osalala a m'holo ya classical okha, koma amakanikiza uta pafupi ndi kamtengo kochirikiza nsambo kuti pamveke kukhakhala, amatsetsereka ndi chala kuchoka pa notsi ina kupita pa ina monga amachitira oimba blues, ndipo nthawi zina amatha kuliza nsambo ziwiri pamodzi ngati woimba wa kumudzi. Anthu ambiri ophunzira ku sukulu za nyimbo amalephera zimenezi, osati chifukwa chosowa zala koma chifukwa choopa kumveka ngati osaphunzira.

Pambali pa Etc..., ankaimbanso m'kagulu kosamangika kotchedwa Čundrgrund, pamodzi ndi Mišík, Vladimír Merta ndi Petr Kalandra, m'makalabu aang'ono a ophunzira ndi m'malo onga Malostranská beseda ku Prague, kumene ankaimba ndi zida zopanda magetsi. Vayolini imakwanira paliponse, imalowa m'sitima popanda galimoto yonyamula katundu, ndipo woiliza amatha kuimba lero ndi gulu la ng'oma, mawa ndi munthu mmodzi wa gitala. Kusamangika kumeneku kunaoneka phindu lake pamene Mišík analetsedwa kuimba poyera kuyambira mu 1982 kwa zaka pafupifupi ziwiri. Chiletso chotere chinkagwera amene ali ndi dzina pa chikwangwani ndi mawu pakamwa, chifukwa komiti inkadziwa kuwerenga mawu koma inalibe njira yozengera mlandu kalizidwe ka uta. Inali nyengo yowawa kwa onse, ndipo mu 1983 nyuzipepala ya chipani ya Tribuna inalemba nkhani yodzudzula magulu atsopano a rock imene inatsatiridwa ndi kuletsedwa kwa magulu ambiri.

M'zaka zimenezo timamupeza Hrubý ali ndi Michal Prokop, woimba wobadwa mu 1946 amene m'zaka za m'ma 1960 anatchuka poimba soul ndi blues m'Chingerezi ndi gulu la Framus Five, kenako anakhala zaka zingapo akuimba nyimbo zopepuka kuti apeze chakudya, mpaka anadzutsanso gulu lakelo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Chimbale chawo cha mu 1984, Kolej Yesterday, chimene mlakatuli Pavel Šrut ndi wopeka nyimbo Petr Skoumal anachitapo mbali yaikulu, chimawerengedwa kukhala chimodzi mwa zimbale zofunika kwambiri za rock ya Chitcheki, ndipo vayolini ya Hrubý ndi imodzi mwa zinthu zimene zimachisiyanitsa ndi zina za nthawiyo. Ubale wake ndi Prokop unapitirira zaka makumi angapo, ndipo n'kutheka ndithu kuti vidiyo imene mwana wanu anaona ndi ya awiriwa.

Kuti funso lanu la chikomyunizimu liyankhidwe mokwanira, ndiyenera kutchula woliza vayolini wina wa m'badwo womwewo amene anayenda njira yosiyana. Jiří Kabeš, wobadwa mu 1946, ankaliza vayolini ndi viyola m'gulu la The Plastic People of the Universe, limene Milan Hlavsa anayambitsa mu 1968. Gululi linakana kusintha dzina, kumeta tsitsi ndi kusintha nyimbo, choncho linalandidwa chiphaso cha oimba olipidwa mu 1970, ndipo anthu ake ankagwira ntchito zamanja masana n'kumaimba mobisa, kawirikawiri pa maphwando a ukwati kumidzi, chifukwa ukwati unali chifukwa chovomerezeka chosonkhanitsira anthu. Kalizidwe ka Kabeš kali pafupi ndi ka John Cale wa gulu la ku America la The Velvet Underground, ka notsi imodzi yaitali yoboola m'makutu imene imabwerezedwa mpaka womvera asowe mtendere. Mu 1976, pambuyo pa phwando la ku Bojanovice, apolisi anagwira anthu ambiri a gulu limeneli ndi anzawo, ndipo mu Seputembala khoti linagamula kuti mtsogoleri wawo pa zaluso, Ivan Martin Jirous, akhale m'ndende miyezi 18, ndipo woliza sakisofoni Vratislav Brabenec miyezi 8, pa mlandu wosokoneza mtendere. Mlandu umenewu ndi umene unasonkhanitsa Václav Havel, wolemba masewero amene pambuyo pake anakhala pulezidenti, ndi anzake mpaka analemba chikalata cha Charta 77, chodzudzula boma pa kuphwanya ufulu wa anthu, mu Januwale 1977. Onani kuti 1976 ndi chaka chomwe chija chimene Hrubý ndi Mišík anatulutsa chimbale chawo ku kampani ya boma.

Alipo amene amafuna kuti tisankhe pakati pa anthu awiriwa, kuti wina akhale ngwazi, wina wogonjera. Ine sindigwirizana nawo. Kulimba mtima kwa a Plastic People n'kosakayikitsa, koma nyimbo zawo zinkafika kwa anthu ochepa kudzera m'matepi okoperana, pamene mnyamata wa m'tauni yaing'ono ya migodi amene sankadziwa aliyense wa m'magulu obisika ankatha kulowa m'sitolo n'kugula chimbale cha Mišík kapena cha Prokop, n'kumvamo mawu a munthu wolankhula zoona mosaulula zonse. Oimba a pakati amenewa ankayenda pa chingwe chopyapyala, ndipo kuletsedwa kwa Mišík kukusonyeza kuti nawonso ankalipira.

Ulamuliro wa chipani utagwa kumapeto kwa 1989, zinthu zinatembenuka mofulumira. Mišík anasankhidwa kukhala phungu mu 1990, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho iye ndi Etc... ndiwo anatsegulira gulu lotchuka la ku Britain la The Rolling Stones pa bwalo la Strahov ku Prague pamaso pa anthu pafupifupi 100,000. Prokop analowa ndale kwa nthawi yaitaliko, mpaka anakhala wachiwiri kwa nduna ya zachikhalidwe. Kwa woimba wa pambali, ufulu unabwera ndi vuto lake, chifukwa atsogoleri a magulu anali otanganidwa ku nyumba ya malamulo, mabungwe a boma amene ankakonza maulendo oimba anafooka, ndipo masitolo anadzaza ndi zimbale za ku America ndi Britain zimene kale zinkasowa. Hrubý anaika mtima pa gulu lakelake la Kukulín, limene limaimba makamaka nyimbo zimene iye wapeka motengera maimbidwe a Aselote a ku Ireland, Scotland ndi Brittany, chigawo cha ku France. Kusankha kumeneku kunali ndi poyambira, popeza dzina lakuti Bohemia, la chigawo cha kumadzulo kwa dziko la Czech kumene kuli Prague, limachokera ku mtundu wakale wa Aselote wotchedwa Boii umene unakhalako zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo m'zaka za m'ma 1990 Atcheki ambiri anachita chidwi ndi mbiri imeneyi. M'nyimbo za ku Ireland vayolini ndiyo imatsogolera, choncho kumeneku ndi kumene mungamumve ali kutsogolo. Komabe ine ndimaona kuti ntchito yake yokhalitsa ili m'nyimbo za ena. Prokop atabwerera ku zoimba, anthu atatu, iyeyo, Hrubý ndi katswiri wa gitala Luboš Andršt, anayendera limodzi m'makalabu ndi m'nyumba za zachikhalidwe za m'matauni kwa zaka zambiri ndi zida zopanda ng'oma, mpaka Andršt anamwalira mu Disembala 2021. Njira imene anthu a m'badwo wake analambula anadutsamo ena, monga Karel Holas wa gulu la Čechomor, limene limaimba nyimbo za makolo ndi zida za rock, ndiponso Iva Bittová, wobadwa mu 1958, amene amaimba ndi pakamwa uku akuliza vayolini nthawi imodzi, ndipo mwana wanu angachite bwino kumumvera iyenso.

Tsopano za chida chenichenicho, chifukwa vidiyo sionetsa mavuto ake. Vayolini ili ndi nsambo zinayi, G, D, A ndi E, ndipo ilibe timizere tachitsulo tosonyeza poika chala monga gitala, moti kulondola kwa notsi iliyonse kumadalira khutu. Pafupi ndi ng'oma ndi ampulifaya ya gitala, mawu ake amamira, ndipo woliza amene sakudzimva amayamba kuphonya osadziwa. Kuika maikolofoni patsogolo pake kumathandiza pang'ono, koma maikolofoniyo imatolanso ng'oma, ndipo thupi la vayolini, pokhala bokosi lopanda kanthu mkati, limanjenjemera ndi mawu ochokera m'masipika n'kuwabwezera komweko mpaka pamveke mluzu woboola m'makutu. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa pickup kamene amakamangirira pa kamtengo kochirikiza nsambo, ndipo kamasandutsa kunjenjemera kwa mtengowo kukhala magetsi. Kampani ya ku America ya Barcus-Berry inayamba kupanga zoterezi m'zaka za m'ma 1960, ndipo ndizo zinatsegulira njira anthu onga Jean-Luc Ponty wa ku France, Jerry Goodman wa gulu la Mahavishnu Orchestra ndi Dave Swarbrick wa Fairport Convention ku Britain, amene oimba a kum'mawa kwa Ulaya ankawamvera pa zimbale zolowa mozemba. Kachipangizoka kakalumikizidwa mwachindunji ku mikisa kamatulutsa mawu owonda ndi olasa, choncho pamafunika kabokosi kotchedwa preamp pakati pake, komanso kutsitsako mawu a pamwamba. Pa nsanja payeneranso kukhala sipika yoyang'ana kwa wolizayo kuti adzimve. Ndikuchenjezeninso za makutu, chifukwa vayolini imalira pafupi kwambiri ndi khutu lamanzere, ndipo Swarbrick anawonongeka makutu chifukwa cha phokoso la pa nsanja. Zotsekera m'makutu za oimba zigulidwe pamodzi ndi pickup, osati pambuyo pake.

Dzanja lamanja nalo liyenera kuphunzira chinenero china. Ku classical mwana amaphunzitsidwa kubisa pamene uta ukutembenuka kuti mawu ayende mosadukiza, ndiponso kugwedeza chala pafupifupi pa notsi iliyonse yaitali kuti ikome. Ku rock ndi blues uta umagwiranso ntchito ya ng'oma, umaluma nsambo pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi, ndipo kugwedeza chala kumasungidwira malo ochepa kumene kukufunikadi. Chovuta kuposa zonse ndi kupeka pompopompo, popanda pepala, pomva kumene magitala akupita. Luso limeneli silibwera ndi mabuku a Ševčík, koma popanda zala zimene mabuku otere amaumba, munthu amamva m'mutu chimene akufuna kuliza n'kulephera kuchitulutsa.

Pa chifukwa chimenechi, langizo langa ndi lakuti mwanayo asawasiye aphunzitsi ake. Apitirize masikelo ndi zoyeserera zonse, koma awonjezerepo mphindi zingapo tsiku lililonse zoliza motsatira nyimbo yojambulidwa popanda manotsi, kuyambira ndi nyimbo zimene amazidziwa kale pakamwa, za m'makiyi a G, D ndi A amene amagwa bwino pa nsambo za vayolini. Gulu loimba la ku tchalitchi kwanu lokhala ndi kiyibodi, besi ndi ng'oma ndi sukulu yokwanira kuyambira, malinga akauzidwa kuti ntchito yake yoyamba ndi kuyankha wotsogolera nyimbo m'mipata, osati kuliza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Muwafotokozere aphunzitsiwo mwaulemu za maganizo amenewa m'malo mochita mobisa, chifukwa iwo ndi amene angaone msanga ngati kagwiridwe ka uta kayamba kupotoka. Popeza muli ku Zomba, kumene kuli University of Malawi yomwe imaphunzitsa zoimba, simukusowa anthu ofunsa za maphunziro apamwamba nthawi yake ikadzakwana.

Za kudya nayo ntchitoyi, ndikuuzani mosabisa. Hrubý anakwanitsa chifukwa sanadalire gulu limodzi, ankajambula ndi oimba ambiri, ankapeka ndi kukonza nyimbo, ndipo amakhala m'dziko la anthu oposa 10 miliyoni limene pafupifupi tauni iliyonse ili ndi holo yoimbiramo ndipo mitunda ndi yaifupi. Kwathu kuno maholo otere ndi ochepa, ndipo nsambo, utomoni wopaka pa uta ndi ubweya wa uta womwe nthawi zambiri zimachokera kunja, choncho mtengo wosamalira chida ndi wokwera. Mwayi umene ulipo ndi wakuti oliza vayolini amene angalowe mu situdiyo, kumva nyimbo ya uzimu kapena ya afro kawiri n'kuikapo mzere woyenera ndi osowa, ndipo maukwati, misonkhano ya m'mahotela ndi kuphunzitsa ana zimawonjezerapo. Dziwaninso kusiyana kwa malipiro, kuti woitanidwa kudzaliza pa nyimbo ya wina kawirikawiri amalandira kamodzi tsiku lojambula, pamene wopeka nyimbo amalandirabe nyimboyo ikamaseweredwa, kudzera ku bungwe loteteza umwini wa nyimbo, monga la OSA ku Czech kapena la COSOMA kuno ku Malawi, malinga ngati analembetsa ntchito yake. Choncho mwanayo aphunzire kupeka ndi kulemba manotsi a zida zina adakali wamng'ono, amalize sukulu ya sekondale bwinobwino, ndipo akayamba kujambula ndi ena, dzina lake ndi gawo lake pa nyimbo iliyonse zizilembedwa pa pepala asanatuluke mu situdiyo.